Mapazi 43 a amayi anga

Amayi anagwa usiku wa Lachiwiri, mwezi wa Julaye chaka chatha, ine n'kudziwa kutacha. Chimenechi chimandiwawa mpaka lero, chifukwa ndinali m'nyumba momwemo, pakati pathu pali khoma lokha. Anatuluka cha m'ma 2 koloko kupita kuchimbudzi. Pobwerera phazi linalowa m'kangalande kamene madzi a padenga anakumba m'mphepete mwa khonde, n'kugwera dzanja lamanja. Sanakuwe. Anadzikoka pang'onopang'ono mpaka pankhokwe, n'kutsamira pamenepo atafunda chitenje chimodzi. Amene mumakudziwa kuno ku Mchinji mukudziwa mmene kumazizirira mu Juni ndi Julaye. Ndinawapeza cha m'ma 5 ndikupita kukasonkha moto, milomo itauma, dzanja litatupa ngati chinangwa.

"Amayi, bwanji simunandiitane?"

"Ndikanaitana bwanji, mwanawe, chitenje chitanyowa chonchi? Ana akanadzuka n'kundiona."

Anasankha kukhala panja maola atatu ndi fupa lothyoka kusiyana n'kuti adzukulu awo awaone atadzikodzera. Mawu amenewa ndinawamva tsiku lomwelo, koma panapita miyezi kuti ndiwamvetse.

Timakhala chakufupi ndi Kamwendo, pamudzi pa amayi pomwe, pamalo amene anawasiyira amayi awo. Chaka chawo chobadwa sachidziwa bwino, koma amati pamene dziko limalandira ufulu mu 1964 anali atakwatiwa kale, mwana woyamba ali kumsana. Ndiye zaka zawo zili cha m'ma 80. Ine ndinabwerera kumudzi ndi ana anga awiri bambo awo atamwalira, ndipo ndimagula ndi kugulitsa mtedza ndi soya. Alongo anga, mmodzi ali ku Lilongwe, wina ku Johannesburg. Kusamala amayi tsiku ndi tsiku kuli pa ine.

Kuchipatala cha boma anajambula dzanjalo, n'kupeza kuti fupa lathyoka pafupi ndi pamene timavala wotchi. Anawaika pulasitala ya milungu isanu ndi umodzi. Adokotala anandiuza kuti tithokoze kuti silinali fupa la m'chiuno, chifukwa munthu wachikulire akathyoka pamenepo nthawi zambiri sadzukanso bwino. Amagona nthawi yaitali, zilonda za pamsana n'kuyamba, chibayo n'kulowa. Anafotokozanso kuti mafupa a azimayi amayamba kufooka msanga akasiya kusamba, n'chifukwa chake kugwa kumene mwana angadzuke n'kudzisasa fumbi, kwa agogo kumathyola. Pambuyo pake ndinawerenga kuti bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati anthu pafupifupi 684,000 amafa chaka chilichonse chifukwa chogwa, ambiri mwa iwo opitirira zaka 60, ndipo oposa 80 pa 100 alionse ndi a m'mayiko osauka ndi apakati ngati lathuli. Kumudzi kuno timangoti "anagwa, ndiye sanachirenso," osawerengera kuti kugwako ndiye kunali chiyambi cha maliro.

Titabwerera kunyumba ndinachita zimene mantha anandiuza. Ndinawaletsa zonse. Asaphike, asasese, asapite kudimba, asatunge ngakhale kapu ya madzi mumtsuko. Ndinabisa kakhasu kawo kuseri kwa matumba a soya. Ndinauza ana kuti agogo akangoimirira, wina athamange kukawakhazika. Ndinkaona ngati ndicho chikondi.

Pasanathe mwezi amayi anasintha. Nsima ankangoitsina mbamu ziwiri n'kusamba m'manja. Ankakhala pamphasa tsiku lonse kuyang'ana kumsewu, osayankhula. Tsiku lina ndinamva akuuza mnzawo wa kumphakati amene anabwera kudzawaona kuti, "Pano ndine mlendo pakhomo panga pomwe. Ndikungodikira." Ndinali kuseri ndikupeta mtedza, ndipo lichero linandilemera m'manja.

Pokachotsa pulasitala, mayi wina wothandiza odwala kulimbitsa ziwalo anawauza kuti adzuke pampando osagwira paliponse. Analephera. Chonsecho asanagwe ankachokera kudimba atasenza mtolo wa mpiru. Mayiyo anandifunsa zimene amayi amachita pa tsiku, ndipo nditamufotokozera monyadira kuti sagwira kanthu, anapukusa mutu. Anati miyendo ya munthu wachikulire ikangokhala milungu yochepa osagwira ntchito, mphamvu zimatha msanga, ndipo wofooka miyendo ndi woopa kugwa ndi amene amagwanso. Anati ndiwabwezere ntchito zawo, ine ndikalimbane ndi pakhomopo.

Usiku womwewo ndinadzuka 2 koloko, ndinalowa m'chipinda cha amayi iwo atagona kuchipinda kwanga, n'kugona pabedi lawo. Kenako ndinadzuka monga amadzukira iwo, wopanda tochi, kuti ndiyende njira yawo mpaka kuchimbudzi. Ndikupempha aliyense amene akusunga kholo kuti ayese zimenezi kamodzi kokha. Masana pakhomo pako umapaona ndi maso ozolowera, ndipo suona kanthu.

Choyamba kundikola inali neti ya udzudzu. Inali yaitali, yolendewera mpaka pansi, ndipo potsitsa mwendo chala chinalowa m'kabowo. Nditatsika ndinaponda mphasa imene m'mphepete mwake munapindikira m'mwamba chifukwa chokalamba. Pabalaza panali poterera, chifukwa ine ndemwe Loweruka lililonse ndinkapaka polishi wofiira mpaka simenti kumawala, poti nyumba ya mayi iyenera kuoneka bwino alendo akabwera. Pakhomo lotulukira, loko wake ngwolimba, wofuna manja awiri. Kutsika pakhonde ndi sitepe imodzi yokha, koma yaitali kufika pafupi ndi bondo langa. Kenako kangalande kaja. Kenako chingwe choyanikira zovala chimene chinandigunda pamphumi, chikhomo chomangirapo mbuzi, muzu wa mango wotuluka pamtunda, ndi mtondo umene ana anausiya chigonere pakati pa njira. Ndinawerenga mapazi 43 kuchoka pabedi kufika pakhomo la chimbudzi. Amayi ankayenda ulendo umenewu katatu, nthawi zina kanayi, usiku uliwonse, ali ndi tulo m'maso, diso limodzi likuona mwachimbuuzi. Ndinaima pakhomo la chimbudzi paja n'kudabwa kuti anatha bwanji zaka zonsezi osagwa.

M'mawa ndinawapangira tiyi n'kukhala nawo pamphasa. Ndinawapepesa chifukwa cha khasu lija, ndipo ndinakalitenga n'kuliika pambali pawo. Kenako ndinati, "Amayi, pakhomo pano mpanu. Ndionetseni pamene pamakuvutani, tikonze mmene inu mukufunira." Anakhala chete nthawi yaitali. Kenako anadzuka, n'kundigwira paphewa, tinayamba kuyenda. Anandionetsa malo amene ine sindinawaganizire n'komwe: pakona ya khitchini pamene amagwira khoma akamakhota, mwala wa kubafa umene umagwedera, ndi msomali wokolekapo thaulo umene unali pamwamba kwambiri moti ankachita kunyang'ama kuti aufikire. Zonsezi ankazidziwa kalekale. Panalibe amene anawafunsapo.

Zing'onozing'ono tinathana nazo tsiku lomwelo. Neti tinaikweza, ndipo usiku timaipisa pansi pa matiresi mbali zitatu, mbali yotulukira n'kuisiya yosavuta kutsegula. Mphasa ya m'chipinda inachoka. Polishi ndinasiya, pano ndimangokolopa ndi madzi, ndipo ndimakolopa amayi ali panja mpaka paume. Chingwe chinasamukira kuseri, mbuzi nazonso. Kangalande tinakwirira ndi zidutswa za njerwa ndi dothi, n'kutsendera. Sitepe yaitali ija mmisiri anaigawa pawiri, ndipo m'mphepete mwake tinapaka laimu kuti iziyera ngakhale kuli mdima. Patapata wawo wakale, wotha kuchidendene, ndinamusinthanitsa ndi nsapato za pulasitiki zogwira kumbuyo. Chitenje anavomera kumachimanga chokwera pang'ono usiku.

Nkhani yaikulu inali chimbudzi, ndipo apa ndichedwapo chifukwa ndi pamene mabanja ambiri timachita manyazi kukambirana. Chathu n'chokumba, ngati cha wina aliyense kuno. Kunjuta kumafuna mawondo amphamvu, ndipo kudzuka kumafuna amphamvu koposa. Amayi anandiululira kuti kwa zaka ziwiri ankadzuka pogwira pansi ndi manja, kenako khoma, ndipo tsiku lina anakhala m'menemo nthawi yaitali miyendo itachita dzanzi, akulephera kuimirira. N'chifukwa chake anayamba kumwa madzi ochepa ndi kudya pang'ono, kuti asamapiteko kawirikawiri. Ine ndinkangoti ndi ukalamba wowalanda chilakolako cha chakudya.

Ndinapita kwa kalipentala wa pa Kamwendo n'kumufotokozera. Anapanga mpando wa matabwa olimba, wobowola pakati, wa miyendo yotambalala kuti usagwedere, kutalika kwake kofika pabondo la amayi. Tinachita kuwayeza ndi chingwe, chifukwa mpando wotsika kwambiri ngwovuta kudzukapo, ndipo wokwera kwambiri mapazi amalendewera. Anausalaza bwino ndi kuupaka penti ya mafuta kuti uzitsukika. Mbali zonse ziwiri tinazika mitengo ya bulugamu, yozama mpaka pachigongono, n'kutsendera ndi miyala, kuti azigwira pokhala ndi podzuka. Tisanaike zonsezi malume anagogoda pansi ponse kuona ngati mitengo yoyala pa dzenje idakali yolimba, poti chiswe chimadya mwakachetechete ndipo nthawi ya dzinja zimbudzi zimatitimira.

Kuchoka pakhonde mpaka kuchimbudzi tinazika mizati, n'kukhomerera nsungwi zazikulu m'mbali mwa njira yonse, mofika m'chiuno mwawo. Poyamba ndinafuna chingwe chifukwa n'chotchipa, koma amayi anakana. Anati chingwe ukachitsamira chimapita nawe limodzi. Ankanena zoona.

Komabe mapazi 43 ndi ambiri pa 2 koloko usiku, makamaka mvula ikugwa. Ndinagula kandowa kokhala ndi chivindikiro kuti kazikhala m'chipinda, ndipo apa tinasemphana kwambiri. Anati iwo si khanda, si wodwala wa kayakaya, ndipo sangalole mwana wawo kapena mdzukulu kunyamula mkodzo wawo. Ndinakumbukira mawu aja a pankhokwe, ndipo sindinakakamize. Patapita masiku anabwera okha ndi njira yawo: kandowako kazikhala kuseri kwa nsalu imene tinatchinga pakona, azikataya okha m'mamawa ana asanadzuke, ndipo pasapezeke wokatchula. Ndi mmene zilili mpaka lero. Kalipentala uja anapanganso kampando kena kokhala pamwamba pa ndowayo. Chibwerere kandowako, kutuluka usiku kunatha, kupatula akafuna kudzithandiza kwenikweni, ndipo pamenepo amagogoda khoma ndi ndodo katatu, ine n'kudzuka kukawaunikira.

Za kuunika, koloboyi ndi kandulo ndinazichotsa m'chipinda chawo. Neti, matiresi ndi lawi la moto siziyenderana, makamaka kwa munthu amene angagone asanazimitse. Tili ndi nyale ziwiri zoyendera dzuwa. Imodzi imagona ili chiyakire pang'ono pawindo lawo, ina tinaikoleka pamtengo wa mango kuti iziwalitsa njira. Ntchito yoziyanika padzuwa m'mawa ndi ya mwana wanga wamng'ono, ndipo agogo ake ndi amene amamukumbutsa.

Kubafa tinachotsa miyala yoyala ija, imene inali ndi ndere zobiriwira, n'kuika simenti yokhakhala yotsetserekera kunja kuti madzi asamaime. Muli kabenchi kosambirapo atakhala, ndi mtengo wogwira. Madzi ndimawanyamulira ndine ndipo ndimayamba ndawayesa ndi chigongono, chifukwa khungu la okalamba ndi lopyapyala ndipo limapsa msanga.

Chinthu china chimene sindikanachiganizira ndi mankhwala. Amayi amamwa a BP, ndipo m'kabuku kawo ka kuchipatala munalembedwa HCTZ, kapilisi kamene kamatsitsa BP pochotsa madzi m'thupi, ndiye kamakodzetsa. Iwo ankamwa madzulo akatha kudya, poti ndi nthawi imene ankakumbukira. Nditafunsa kuchipatala anandiuza kuti kameneka n'koyenera kumwa m'mawa. Titangosintha, maulendo a usiku anachepa. Anatiuzanso kuti okalamba, makamaka a mankhwala a BP, akadzuka mofulumira magazi amachedwa kufika kumutu, n'kuchita chizungulire. Pano amayi akadzuka amayamba akhala m'mphepete mwa bedi, n'kunena Atate Athu mpaka kumapeto, kenako n'kuimirira. Anasankha okha muyeso umenewu. Koma chonde musasinthe kamwedwe ka mankhwala a kholo lanu panokha. Tengani kabuku ndi mapaketi onse, ngakhale a mankhwala ogula pagolosale ndi azitsamba, mukaonetse achipatala. Ngati kuli kutali, pali Chipatala cha pa Foni, ine ndinaimbapo usiku wina amayi akudandaula mutu.

Maso nawo tinawapititsa. Chimbuuzi chija chinali ng'ala, ndipo kwa zaka tinkangoti ndi mmene maso amathera munthu akakula. Alongo anga a ku Lilongwe anawatengera kuchipatala cha maso cha Lions, pa Kamuzu Central, komwe anawachita opaleshoni diso limodzi. Atabwerako anaima pakhonde n'kunena kuti sankadziwa kuti mango aja anakula chonchi. Ng'ala imachotsedwa, abale anga. Musamusiye kholo mumdima poganiza kuti ndi ukalamba.

Moto ndinasiya kuwaletsa, ndipo sindidzawaletsanso. Ndiwo za nkhwani wotendera za amayi palibe amene amazitha pakhomo pano. Chimene tinasintha n'chakuti mafuwa atatu tinawasiya, tikuphikira pa chitetezo mbaula imene tinaikhazika pamalo okwera pang'ono, iwo n'kumakhala pampando m'malo mowerama. Mphika wa madzi otentha kapena wa nsima saunyamula, amaitana. Chimene ndinakaniratu ndi mbaula ya makala m'chipinda nthawi yozizira. Ankaikonda kwambiri, chitseko ndi windo zili zotseka. Makala akamayaka m'chipinda chotseka amatulutsa mpweya wa carbon monoxide, umene suoneka ndipo sununkha. Munthu amangomva mutu ndi tulo, osadzukanso. Ndinawagulira bulangeti lachiwiri, chipewa cha ulusi ndi masokosi ogona nawo, koma masokosiwo amavula asanaponde pansi, poti pasimenti amaterera.

M'chipinda chosungira katundu ndinapezamo zimene zinandiopsa. Kuno ndife alimi, ndiye m'nyumba mumakhala Actellic wothira chimanga, mankhwala opopera mbewu, a makoswe, ndi parafini. Ena anali m'mabotolo a zakumwa opanda cholemba chilichonse, pashelefu imodzi ndi mafuta ophikira ndi mchere. Kwa munthu wosaona bwino, ufa woyera ndi ufa woyera basi. Zonse zinapita m'bokosi la loko kunja kwa nyumba.

Alongo anga a ku Johannesburg atamva za kugwa kuja anatumiza ndalama kuti tiike matailosi nyumba yonse, amayi akhale pabwino. Ndinawaimbira pa WhatsApp n'kuwafotokozera kuti matailosi akanyowa ndi oterera kuposa polishi amene ndinasiya. Anakhumudwa pang'ono, ndikumvetsa, munthu ali kutali amafuna achite chinthu chooneka. Ndinawajambulira mpando wa kuchimbudzi, nsungwi ndi nyale, n'kuwauza kuti ndalama zawo zapita pamenepo, ndipo zotsala zithandiza pa thiransipoti ya ku Lilongwe. Pano mwezi uliwonse amafunsa okha ngati nyale zikuyakabe.

Pali chinthu chimodzi chimene nsungwi sizingatchinge. Miyezi yapitayi amayi ayamba kuiwalaiwala. Nthawi zina amanditchula dzina la mng'ono wawo amene anamwalira kalekale. Usiku wina mu Meyi ndinawapeza atatsegula chitseko, atamanga kampango kumutu, akuti akupita kukakolola mtedza kumunda kwa amayi awo. Ndinachita mantha aakulu, osati a kugwa okha. Tonse tikudziwa zimene zimachitika m'midzi mwathu gogo akapezeka pakhomo pa eni usiku, atasokonezeka, mwina asanavale bwino. Anthu safunsa ngati akudwala. Amati wagwa pa ndege ya ufiti. Mu Januwale 2016 ku Neno anthu anapha okalamba anayi powaganizira kuti ndiwo anachititsa mphenzi imene inapha mtsikana. Lamulo la za ufiti la 1911 limaletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti, ndipo mu 2024 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo loteteza anthu achikulire, koma gulu likakwiya usiku silikumbukira lamulo.

Ndiye ndinapita kwa malume, monga mwini mbumba, tinapitira limodzi kwa amfumu. Ndinafotokoza kuti amayi ayamba matenda oiwala, amene amagwira ubongo wa anthu ena akakalamba, ndipo achipatala akudziwa. Amfumu anazinena pamsonkhano wa mudzi. Ndinayendanso ndekha nyumba zonse zoyandikana nafe, ndi kumphakati, kupempha kuti akadzawaona amayi panjira nthawi yosayenera, awagwire dzanja mwaulemu n'kuwabweretsa, kapena andiimbire. Zinandivuta kuyankhula, chifukwa zinali ngati ndikuwavula amayi pagulu. Koma mayi wina wachikulire anandigwira mkono n'kunena kuti, "Wachita bwino mwanawe, chaona mnzako chapita, mawa chili pa ife." Pachitseko ndinamangapo kabelu ka njinga ndi tizitsulo, kuti chikatseguka ndizimva. Kuwatsekera ndi loko kunja ndinakana, ngakhale ena anandilangiza choncho. Moto utabuka, angatulukire kuti?

Kuyenda m'nyumba zija kunandionetsanso kuti ife tili ndi mwayi. Kuseri kwathu kuli agogo ena amene akulera adzukulu atatu ang'onoang'ono, amadalira Mtukula Pakhomo, uja anayambira kuno ku Mchinji mu 2006 asanafalikire m'maboma ena. Kandalama kameneko kamathera ufa, sopo ndi makope. Chimbudzi chawo chinalibe ngakhale chogwira, ndipo njira yake inadutsa pa dzenje la zinyalala. Loweruka lina anyamata a kumphakati anapita ndi nsungwi zimene zinatsala kwathu ndi mitengo inayi ya bulugamu, pofika masana anali atamaliza. Amayi anapita nawo, ndodo m'manja, ndipo ndi iwo amene ankauza anyamatawo kuti apa mwakweza kwambiri, apa tsitsani.

Pano tili mu Okutobala, kunja kukutentha, ndipo mvula ili pafupi. Njira ya kuchimbudzi idakali ya dothi, ikanyowa idzakhala matope oterera, choncho ndaunjika njerwa zootcha zoti tiyale sabata yamawa. Ine ndimafuna tiziyale mowongoka kuchoka pasitepe. Amayi akuti ayi, zikhotere kumanzere zidutse pamtengo wa mango, chifukwa m'mawa amakonda kuima pamenepo kuona nkhuku zikamatuluka m'khola. Ndayeza dzulo, njira yokhotayo ikuwonjezera mapazi asanu ndi limodzi ndi njerwa zina ngati 40. Ndauza mnyamata wa ngolo abweretse zotsalazo Lachisanu.